Asewere Anga Amene Sankafufuta Kanthu

Malemu a Kingsford Zuze anali mwana wachitatu wa a Zuze Faera ndi mayi Malita a kwa Tengani, ku Nsanje. A Kingsford nawo anabereka atatu: Bennet, Daisy ndi Kenny. Bennet yo ndi amene anakwatira mwana wanga Felicia, ndiye kuti a Zuze anali asewere anga. Zimene ndikulemba panozi sindinachite kumva kumpopi ayi. Ndinazionera pafupi, nthawi zambiri ndili chilili, chikwama cha ku Mvano chili m'khwapa, mkwiyo utafika pakhosi.

Tauni yonse ya Blantyre inkawadziwa ndi chinthu chimodzi: sankafufuta kanthu. Ntchito yawo inali yojambula mapulani a nyumba pakompyuta, m'kaofesi ka pamwamba pa sitolo ya nsalu, kuseri kwa msika. Khoma limene mwini nyumba wasintha nalo maganizo, zenera limene mkazi wakana, chimbudzi chimene chalakwika malo, zonsezo a Zuze sankataya. Ankangobisa. Munthu akakuwa kuti, "Khonde langa lapita kuti?" iwo osatekeseka n'komwe. "Chilipo chimenecho, bwana. Changogona." Mpaka oitanira maminibasi a ku Mbayani, kumene ankakhala, anawapatsa dzina. Akangowaona akutsika ndi jekete yawo ya bulauni, unkangomva, "A Chilipo! Mpando wa kutsogolo, madala!"

Kuti mumvetse nkhondo yathu, ndikufotokozereni momwe iwo anandifotokozera ine, ngakhale sindinawapemphe. Makompyuta asanabwere, ankajambula pamapepala oonekera mkati: lina la makoma, lina la denga, lina la mapaipi, n'kuwasanja pamodzi kuti nyumba ioneke yathunthu. Pakompyuta mapepala amenewo amatchedwa maleya. Mayina ake amandandalika pambali pa sikirini, ndipo lililonse lili ndi kadiso kake. Ukadina kadisoko kamatsinzina, zonse za paleyapo n'kuzimiririka. Ukadinanso kamaphenya, zinthu n'kubwerera. Palinso kaloko koletsa munthu wina kugwiragwira.

Anzawo apantchito maleya ankawapatsa mayina abwinobwino: makoma, denga, magetsi. Asewere anga ankawapatsa mayina a anthu. Leya la bambo. Leya la mayi. Leya la apongozi. Leya la mkulu wa mpingo amene anabwera kudzapempherera poloti n'kusiyapo maganizo osafunsidwa. Aliyense akakwera masitepe aja, ankamutsegulira kadiso kake n'kutseka ta anzake, munthu n'kutsika akumwetulira kuti nyumba ikumangidwa momwe akufunira iye.

A Alidi, mwini maminibasi wa ku Limbe, atasiyana ndi akazi awo anafika akupumira m'mwamba.

"A Zuze, khitchini ija ankafuna mayi uja, yaikulu ngati holo ya ukwati ija, ichotseni. Muikepo galaja."

"Galaja ndiika. Khitchini ndiigoneka."

"Ndati fufutani!"

"Nanga akabwerako?"

"Abwerere kuti? Ndalumbira pamanda a mayi anga!"

"Manda a mayi anu ali ku Mangochi, bwana. Kompyutayi ili pano, ndipo ndi yanga."

Patapita miyezi isanu ndi itatu, a Alidi anakweranso masitepe, pang'onopang'ono ulendo uno, mayi aja ali pambuyo atavala chitenje chatsopano. Asanapatsane n'komwe moni, a Zuze anadina kadiso, khitchini n'kudzuka ndi mashelefu ake omwe. Mayiwo anagwira pamtima. "Ha, bambo! Ndiye kuti simunandichotse?" A Alidi, maso ali kudenga, amvekere, "Ndingakuchotse bwanji?" Asewere anga anangokhosomola.

Nkhani imeneyi ndinaseka nawo. Sindinadziwe kuti tsiku lina ndidzakhala leya inenso.

Mlandu wathu unayambira kutali, pachinkhoswe. Ife a kwa Kapeni kuno, mwana ndi wa kuchikazi, ndipo sindinaphunzire zimenezi m'buku. Iwo a kuchigwa amalowola, ana n'kukhala a kuchimuna. Ine ndinanena poyera kuti Felicia wanga salowoledwa. A Zuze anabwerabe ndi mbuzi ziwiri kuchokera ku Bangula. Ine ndinazilandira ngati ndiwo za alendo, tinapha tsiku lomwelo, ndipo chiwindi anadya ndi iwowo, ndinawaona ndi maso angawa. Koma mpaka kufa kwawo ankati analowola.

Adzukulu atabwera, mpamene zinthu zinakula. Angela, amene sanatsikepo pa nambala wani chiyambire sukulu. Davie, amene amaimba kwaya mpaka amayi akutsogolo kutulutsa mipango. Ndi Cathy, chitsirizira, amene anayamba kuyankhula asanayambe kuyenda, monga ine. Anawa ankatchula a Zuze kuti ayavu, mwa Chisena, ine n'kumanditchula anganga. Ndikati, "Nzeru izi ndi za kwathu," a Zuze ankati, "Koma mphuno ndi za kwa Tengani." Ndikati, "Mphuno salembera mayeso," iwo ankati, "Koma ndi imene imatsogola polowa m'kalasi."

Tsono apongozi anga a Bennet ndi Felicia anapeza poloti ku Naperi. Malo ochepa, otsetsereka, oti nyumba inayenera kukhala yosanja. Zipinda zonse zogona kumwamba, pansi chimodzi chokha. Ine mawondo anga ndi masitepe sagwirizana, ndipo chimwalirire bambo a Felicia ndinkakhala ndekha ku Chilomoni, maminibasi awiri kuti ndikaone adzukulu. A Zuze nawo anali ataferedwa, ali okha ku Mbayani, mawondo ngati anga omwe. Ana athu aja, amantha onse awiri, anauza ine kuti, "Chipinda chapansi ndi cha agogo." Anauzanso iwo kuti, "Chipinda chapansi ndi cha agogo." Osanena kuti agogo ake ati. Ndipo wojambula pulani, mwadziwa kale.

Tsiku loyamba kupita kukaona, asewere anandilandira ndi ulemu wokayikitsa. Mpando anaupukuta ndi mpango. Anandionetsa chipinda, chabwino ndithu, koma chapululu kumwamba.

"Asewere, denga lili kuti?"

"Lilipo."

"Mukufuna ndizigona ndikuwerenga nyenyezi ngati mlonda wa pa golosale?"

"Ayi, asewere, panopa tikuiona nyumbayi kuchokera kumwamba, momwe amaionera khwangwala. Dengalo ndaligoneka kuti muone m'kati."

"Ine si khwangwala. Ndionetseni momwe amaonera munthu wobatizidwa."

Anatembenuza nyumba ija ndi mausi, kanthu kogwira m'manja koyendetsera kamuvi pasikirini kaja, mpaka tinaima kutsogolo kwake ngati alendo. Ndinawauza zofuna zanga: chitseko chiyang'ane kuseri, kumene kuli mtengo wa mapeyala, kumene ana azisewera, kuti ndizimva amene wayamba ndewu. Analemba manambala, chitseko n'kutulukira. Kachitseko kake! Ngakhale mwanapiye akanalowa chowerama.

"Apa ndilowapo ine kapena chala changa?"

Thukuta linawatuluka. Anafufuza uku, anafufuza uku, akung'ung'udza mwa Chisena, mpaka anapeza kuti m'masetingi makinawo akuwerenga mamilimita pamene iwo akuganiza masentimita. Atakonza, chitseko chinakula. Ndinaona ndi maso anga akulemba dzina la leya langa: ASEWERE. Ndinatsika masitepe aja ndikumwetulira, monga zitsiru zinzanga zonse zimene zinatsikapo.

Chinawaulula ndi pulinta. Yawo ija inafa sabata imene mmisiri ankafuna pepala, ndiye Felicia anatenga pulaniyo kukasindikiza ku shopu ina ku Limbe. Kumeneko sadziwa za apongozi ndi asewere. Anatsegula timaso tonse n'kusindikiza. Mmisiri wake, a Aloysius, mkulu wa mpingo kwathu komwe, anandipeza ndikusesa pakhomo, pepala atalipinda ngati kalata ya maliro.

"Mayi Alefa, ndamanga nyumba zaka makumi atatu, koma chipinda ichi chandigonjetsa. Zitseko ziwiri, china kuseri, china kumsewu. Mabedi awiri opingasana ngati mtanda, wina mutu uli pamimba pa mnzake. Apa palembedwa ASEWERE. Apa palembedwa INE MWINI. Ndakumba maziko a zipinda zambiri, koma izi ndati ndiyambe ndafunsa kaye, mwina pali ukwati umene mpingo sunamve."

Ine! Mayi wa Mvano wa zaka makumi anayi m'yunifomu, bedi langa kupingasana ndi la mwamuna wa ku Nsanje, papepala loti ngakhale oponda matope aone! Tsache ndinalisiya pomwepo. Masitepe a kuseri kwa msika aja, amene ndinkakwera mopumira kawiri, tsiku limenelo ndinawamaliza osadziwa.

"A Zuze! INE MWINI ndani?"

Anayang'ana pepala, anayang'ana ine, n'kuvula magalasi. "Asewere, khalani pansi."

"Ndikhala m'chipinda changa ku Naperi. INE MWINI ndani?"

"Ndi maganizo chabe. Munthu saletsedwa kuganiza."

"Maganizo okhala ndi bedi? Maganizo okhala ndi chitseko?"

"Chitseko cha kumsewu n'chofunika. Abale akachoka ku Nsanje ndi matumba awo, azilowa osadutsa pabalaza. Ana aja ndi a mtundu wa Zuze, ayenera kumva Chisena m'nyumba. Tinalowola, asewere."

"Munadya chiwindi!"

"Chiwindi ndi chiwindi, malowolo ndi malowolo."

Atelala a m'sitolo ya pansi anali atasiya makina, ali pamasitepe. Ndinawauza a Zuze, onsewo akumva, kuti atambala awiri salira m'khola limodzi, ndipo m'khola la mwana wanga ndilira ndine. Kenako ndinachita chimene palibe munthu anachitapo mu ofesi imeneyo. Ndinawalanda mausi. Kamuvi kanathawira kukona, kanabwerera, kanazungulira ngati ntchentche, koma ndinakafikitsa pa kadiso ka INE MWINI n'kudina. Bedi lawo linazimiririka. Ndinamva kukoma kumene sindinamvepo chikwatiwire Felicia.

"Mwaona? Changogona," ndinatero. "Chisadzuke."

Kuyambira pamenepo, Lachinayi lililonse tikaweruka ku Mvano, ndinkakwera minibasi ya m'tauni, yunifomu ili m'thupi, kukayendera chipinda changa. Ndipo Lachinayi lililonse ndinkapeza atachita zina.

Sabata yoyamba ndinapeza kadiso kanga katatsinzina, kawo kakuphenya. Zimenezo zinali zophweka. Sabata yachiwiri mndandanda wonse wa maleya unasowa pambali paja. "Makinawa akalamba, asewere, amataya zinthu," anatero, nkhope ili ngati ya munthu wa pa mgonero. Ine ndinalekezera Sitandade sikisi, koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndinakhala pampando wawo maola awiri, kudina mawu alionse a pamwamba paja limodzilimodzi, iwo akumwa tiyi wachitatu, mpaka mndandanda unatulukira. Sabata ina anasiya nyumba ikuonetsa zipinda za kumwamba zokhazokha, kuti ndiziyesa chipinda chapansi chatha. Ndinapeza potsikira. Sabata ina analocha leya langa mtundu woyera, pa sikirini yoyeranso, kadiso kakuphenya bwinobwino koma osaoneka kanthu. Imeneyo inandivuta, sindinama. Ndinapita kunyumba osadya, ndinabwerako Lachisanu, ndinalilocha lofiira ngati magazi, n'kuikapo kaloko.

"Kaloko mwakadziwira kuti?" anafunsa.

"Kwa inu. Mumaganiza kuti ndikakhala chete ndimapemphera?"

Anaseka mpaka kutsamwa. Ndipo ndinene zoona, chifukwa akufa sanamiziridwa: kuyambira tsiku limenelo, Lachinayi ndinkapeza kapu yachiwiri itatsukidwa, ndi mandasi awiri m'pepala. Makasitomala akabwera ndili pomwepo, ankawauza kuti, "Awa ndi adani anga. Funsani iwowa, amadziwa makinawa kuposa Kenny wanga amene anapita ku koleji." Mayi wina wa ku Chirimba amene masitepe a nyumba yake anasowa, ndinamupezera ndine. Anali pa leya la mlamu wake.

Koma iwo kufufuta sanafufute, ndipo ine kugonja sindinagonje. Makinawo ali nalo batani lofufutira, ndinalidziwa pamene lili. Tsiku lina iwo atatsika kukagula mayunitsi, ndinatsala ndekha ndi INE MWINI, wopanda kaloko, chala changa chili pomwepo. Sindinadine. Sikuti ndinawamvera chisoni ayi. Ndinkafuna adzafufute okha, ndi dzanja lawo, ine ndikuonerera.

A Aloysius anatopa nafe. Anati mvula ikayamba maziko asanathe, asadzafunsidwe. Ana athu aja, aliyense akuloza mnzake, anaitana ankhoswe a mbali zonse kuti Loweruka tikakhale pansi pa mtengo wa mapeyala uja, nkhani ithe. Ndinakonzeka. Ndinalemba mfundo zisanu ndi ziwiri kuseri kwa kalendala. Lachinayi lomaliza ndinawauza kuti, "Loweruka mubwere ndi mpango waukulu, asewere, mudzapukutire misozi." Iwo anati, "Ndibwera ndi mchira wa mbuzi, umboni."

Lachisanu m'mawa anagwa pa siteji ya ku Mbayani, phazi limodzi lili kale m'minibasi. Oitanira omwe aja ndi amene anawanyamula. Pofika kuchipatala anali atapita.

Tinakawaika kwa Tengani, kutentha koti nsapato kumata pansi. Ndinapita ndi amayi asanu ndi atatu a Mvano, ngakhale a Zuze anali a Katolika, ndipo tinaimba mpaka a kumeneko anafunsana kuti amenewa ndi abale a mbali iti. Ndinati a mbali ya adani.

Patatha masabata atatu, apongozi anga a Bennet anandipempha kuti ndiwaperekeze ku ofesi kuja, mmisiri akufuna pepala lomaliza. Jekete ya bulauni inali ikadali pamsomali. A Bennet anayatsa kompyuta n'kutsegula pulani. Pasikirini panalibe nyumba. Panali kadontho kamodzi pakona, ngati chitosi cha ntchentche.

"Amayi, zaonongeka. Bambo apita nayo nyumba."

"Tasunthani, apongozi."

Ndinakhala pampando uja. Nkhalamba ija inali itakankhira nyumba kutali, kuichepetsa mpaka kusanduka kadontho, msampha wonditchera ine wa Lachinayi lotsatira. Ndinaikoka, ndinaikuza, ndinatsika kuchoka kumwamba, ndinaitana mndandanda umene anaubisanso. Ndinayang'ana timaso.

Anthu amene amakonda nkhani zokoma amafuna ndinene kuti ndinapeza atandisiyira chipinda. Bodza. Kadiso kanga kanali kotsinzina. Kawo kakuphenya, atakaika kaloko, ndipo zenera lawo atalikuza, ataonjezapo kashelefu ka wailesi. Tsiku limene makinawo ankaonetsa kuti anasintha zimenezi linali Lachinayi lomaliza lija, madzulo, ine nditangotsika masitepe. Ndinaseka mpaka misozi, kenako misozi inapitirira yokha, kuseka kutatha kale. A Bennet anayang'ana kuzenera, monga mwana woleredwa bwino.

Pamapeto anati, "Amayi, chipinda ndi chanu tsopano. Fufutani za bambozo, tisindikize."

"Mwati chiyani?"

"Nanga poti bambo kulibe..."

"Ndiye mukundipatsa chifukwa kulibe? Ine ndikhale m'chipinda chopatsidwa ndi maliro? Apongozi, ine ndinali ndi mfundo zisanu ndi ziwiri. Bambo anu ndikanawagonjetsa pamaso pa ankhoswe, dzuwa likuswa mtengo, ndipo akanafufuta okha. Andithawa. Wothawa sanagonje, ndipo ine za kupambana pa munthu wogona m'manda sindichita. Mtundu wathu sitidya zotola."

Ndinatsegula kadiso kanga. Kawo ndinakasiya momwe kanalili. Bedi lawo lokha ndinalikankhira kukhoma, nditayamba ndatsegula kaloko kaja, chifukwa ulemu ndi ulemu.

"Sindikizani chonchi."

A Aloysius anadandaula kuti chipinda chaching'ono chotero cha zitseko ziwiri ndi njira, si chipinda. Ndinawauza kuti amange zimene zili papepala, maganizo awo akapereke ku mpingo. Anamanga.

Chaka chino ndi chachiwiri ndili ku Naperi. Chitseko changa cha kuseri chimakhala chotsegula, ndipo ndewu iliyonse ya pansi pa mapeyala ndimadziwa woyambitsa. Cha kumsewu chija, m'mwezi wa Juni chimalowetsa mphepo yoti mawondo anga amalira, ndipo Felicia wanena kangapo kuti tichitseke ndi njerwa. Ayerekeze. Anthu a kwa Tengani akabwera m'tauni kuchipatala kapena kudzasaka sukulu, amagogoda pomwepo ndi matumba awo, chifukwa anauzidwa kalekale kuti chitseko cha a Zuze chidzayang'ana kumsewu. Ndimawatsegulira. Ndimawaphikira, ndimawayalira pansi, amayankhula Chisena chawo ndi adzukulu anga mpaka Cathy wayamba kundiyankha m'chinenero chimene sindimva. Akamanyamuka ndimawauza bwinobwino kuti ana awa ndi a kuchikazi. Amangoti, "Inde, mayi," mwaulemu, n'kumapita. Palibe ndi mmodzi yemwe wobweza mawu. Mtundu wonse uja, wodziwa kukangana anali mmodzi.

Kaofesi kaja pano akugulitsamo zikuto za mafoni. Ojambula mapulani a masiku ano, ukangoti sindikufuna, afufuta usanamalize kuyankhula, ndipo mabanja akumanga nyumba za munthu mmodzi amene anafika komaliza. Lachinayi tikaweruka ku Mvano, mapazi amafunabe kulowera ku siteji ya m'tauni, ndimachita kuwakalipira.

Kalendala ija ndikadali nayo, mfundo zonse zisanu ndi ziwiri, palibe imene yayankhidwa. A Kingsford Zuze, mwana wa a Faera, muli nane ngongole ya Loweruka limodzi. Musaganize kuti kwa Tengani ndi kutali. Ndikubwera nazo konko, ndipo mukapezeke mutakhala pansi.